Zomveka ku Lifidzi: pakamwa pa onse pali 18

Chisanu chafika m'mapiri a Angónia, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo ndalama za fodya, soya ndi mbatata ya kachewere zayamba kuoneka m'matumba. Kale nyengo ngati ino nkhani za pachigayo zinkakhala za maukwati okhaokha: wafunsira ndani, ankhoswe apita kwa yani. Chaka chino ku Lifidzi anthu akungotchula nambala imodzi, 18.

Pabawo pafupi ndi msika madoda anakangana mpaka masewera kuima. Wina ati wokwatira mwana wasukulu amangolipira mbuzi kwa amfumu nkhani n'kutha, wina ati ayi, ndi ndende. Wachiwiriyu ndiye wanena zoona. Lamulo la nambala 19/2019 la dziko la Mozambique likuti munthu wamkulu wotenga mwana wosakwana zaka 18 kukhala naye ngati mkazi wake akaseweze zaka 8 mpaka 12, ndipo kholo kapena wachibale wokakamiza mwanayo, zaka 2 mpaka 8. Atamva zimenezi mkulu wina wotchuka pa unkhoswe anagwira pakamwa. Akuti tsopano akaitanidwa, asanakhale n'komwe pampasa, amayamba wafunsa chikalata cha kubadwa kwa mtsikanayo. Anzake anaseka, koma onse anavomereza kuti wachenjera.

Nkhani yokoma yachokera pamjigo. Agogo ena amadandaula kuti ana amakono akuchedwa, iwo anakwatiwa atangotha msinkhu ndipo banja linalimba. Mdzukulu wawo wa kalasi 8, akutsuka ndowa, anafunsa mwaulemu: "Agogo, nanga makalata amene agogo aamuna ankatumiza ali ku Halale, ankakuwerengerani ndani?" Agogowo anayamba akhala chete, kenaka anaphulika kuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ati ankawawerengera mnyamata wa kuseri kwa nyumba, mokweza, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse unkadziwa ndalama zimene zabwera ndi mawu onse achikondi a m'kalatamo. Lero mdzukulu yemweyo ndiye amawawerengera uthenga wapafoni ndi malangizo a mankhwala, chitseko chili chitsekere. "Phunzira mayi," anatero agogowo, "zanga zokha zakwana."

Pabwalo la mishoni, imene Ajezuiti anaitsegula zaka zoposa 100 zapitazo, amayi potuluka Misa anagawanika pa za mtsikana wodwala pakati amene akupitabe kusukulu masana. Ena akuti aphunzitsa anzake makhalidwe oipa. Apa ine ndili kumbali ya mtsikanayo. Kuyambira 2003 boma linkalamula kuti wotere asamukire kusukulu yausiku, ndipo kumudzi kopanda magetsi kumeneko kunali kum'chotsa sukulu basi, pamene nthawi zambiri wom'patsa mimbayo ankayenda momasuka. Lamulo limenelo linathetsedwa mu Disembala 2018. Mwanayo wakana kugonja, ndiye tim'thandize, tisam'loze zala.

Ochita geni odutsa pachipata cha Calómuè amabweretsanso za kutsidya, za Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza imene inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu. Amayi akuno akamva amangoti, mfumu yachizimayi imadziwa pamene pakuwawa.

Koma imene yavuta kwambiri ndi ya njinga. Bambo wina atagulitsa matumba a kachewere anagula njinga yatsopano n'kupatsa mwana wake wamkazi. Mlongo wake wa mtsikanayo, amene ankaiyembekeza kuti azikachezera kumsika, wakhala akudandaula kwa amalume ake sabata yonse. Amalumewo anangomuuza kuti, "Mphwanga, iwe miyendo uli nayo ndipo sukulu unaisiya wekha." Bamboyu waganiza bwino. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, koma pulayimale tsopano imathera kalasi 6, ndipo masekondale ndi ochepa komanso otalikira midzi yambiri. Mtsikana wodzuka m'bandakucha, kutunga madzi, kusesa, kenaka kuyenda mtunda wautali m'chisanu cha kuno, amafika m'kalasi atatopa kale, ndipo m'njira yomweyo ndi mmene anyamata a njinga zamoto amamudikirira ndi timabisiketi. Amene angakwanitse amalakalaka malo ogonera kusukulu konko, monga kusekondale ya Ajezuiti ya Inácio de Loyola ku Msaladzi, koma malowo sangakwanire onse.

Telala wina naye wapeza msika umene sankauganizira. Tizidutswa ta zitenje timene kale ankatisesera kudzala akusokera nato atsikana zodzitetezera akakhala kumwezi, zochapa n'kugwiritsanso ntchito. Amagulitsira kuseri kwa makina ake mwakachetechete, ndipo amayi ndiwo amadzatenga atakulunga m'mpango. Ndi kanthu kakang'ono, koma kakupulumutsa masiku ambiri a sukulu. Anamkungwi ena nawonso akumveka akuti chinamwali chizichitika patchuthi, ndipo malangizo a m'banja azidikira mwini wake akule.

Sikuti zonse zalongosoka. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2011 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 48 anakwatiwa asanafike zaka 18, ndipo maukwati obisa akadalipo, ena amangothawitsirana kutsidya kwa malire. Komatu mtsikana wophunzira ndiye namwino ndi mphunzitsi wathu wamawa wolankhula Chinyanja, amene sitidzachita kum'dikira kuchokera ku Tete kapena ku Beira.

Choncho inu makolo, ndalama za zokolola zisanathere kumowa ndi kumagule, patulani za yunifolomu, makope ndi matayala a njinga. Ndipo mukamva kuti mwana wa mnzanu akufuna kum'kwatitsa, musati si zanga: uzani amfumu ndi aphunzitsi, kapena imbani 116, nambala ya Linha Fala Criança. Kuimbako n'kwaulere.