Injiniya wa pachulu

Kuno ku Rufunsa, ukakhala ndi chulu kuseri kwa nyumba, anthu amakupatsa moni wa manja awiri. Ine ndili nacho. Ndiye chilimwe chathachi ndinabwereka chikombole n'kuumba njerwa, uku ndikulengeza pa Chinyunyu ponse kuti nyumba yanga idzalimba kuposa mlatho wa Luangwa.

Tsiku lophwasula uvuni kunabwera apongozi aakazi, amene akhala akuumba mitsuko chiyambire nthawi ya Kaunda. Anatola njerwa ziwiri n'kuzigundanitsa. Zinangoti phu! Poti mkamwini salankhulidwa pamaso, anatembenukira kwa mwana wawo: "Iwe, uwafunse bambo a kunyumbawa, dothili anaponda ndi mapazi kapena ndi pakamwa?"

Ndinaimbira mphwanga wa ku yunivesite ya UNZA kuti andiikire kumbuyo. Mwana wopanda chisoni ameneyu!

"Achimwene, njerwa imafera m'kati," anatero. Akuti m'kati mwake ndi timchenga tomatidwa ndi dothi lopsa, ndipo pakatipakati pali timabowo tosaoneka ndi maso. Dothi losapondeka limasunga mpweya, timizu ta udzu tikapsa timasiya mphako. Katundu akatsamira, mphamvu yonse imaunjikana kunsonga kwa kamng'alu kamene kaposa tinzake, basi kamathamanga mpaka kutsidya. Chitsulo chimayamba chapindika, kukuchenjeza, njerwa sitsanzika. Izi anazilongosola Mngelezi wina, A. A. Griffith, mu 1921, atayesa magalasi. Komanso njerwa za uvuni umodzi sizifanana: ina pafupi ndi moto imalira ngwee, inzake ya m'mphepete imanyenyeka m'manja.

Anawonjeza kuti mchenga wa quartz umafufuma mwadzidzidzi moto ukafika madigiri 573, n'kubwereranso pozizira, choncho uvuni umafuna kuzirala wokha pang'onopang'ono. Apa ndinatsokomola. Wanga ndinaubowola udakali wamoto kuti anzanga a pabawo asuzumire.

Chowawa n'chakuti apongozi zonsezi amazichita opanda digiri. Amasinja mapale akale n'kusakaniza m'dothi kuti mtsuko usang'ambike pouma ndi pamoto, ndipo timabowo ta mtsukowo n'taphindu: madzi amachucha thukuta kunja, a m'kati n'kuzizira.

Ndinagwira pomwepo. Ndinalengeza kuti njerwa zanga ndi zamakono, zoziziritsa nyumba m'mwezi wa Okutobala. Mayi a kunyumba anagamula kuti tiyambe taziyesa pa khola la nkhuku.

Khola ndamanga. Nkhuku zinalowa, zinayang'ana khoma, ndipo mpaka lero zikugona mumtengo wa mango.