Salimoni wa kwa Chiwalo

Chiyambire wailesi ya kanema m'Malawi muno mu 1999, anthu aonerapo zambiri, koma kwa Chiwalo, m'boma la Phalombe, kwabwera zina. Nyumba iliyonse ya sola padenga ndi dishi pakhoma yasanduka sukulu ya zophikaphika. Amayi amadzaza mkeka, maso ali tong'o pa mzungu wa epuloni amene akuphika salimoni, nsomba ya mnofu wofiirira yomwe yambiri amaweta m'nyanja ku Norway.

Vuto n'lakuti nyanja ya Chilwa ilibe salimoni. Ili ndi matemba, makumba ndi milamba, ndipo zaka zina imasowa ndi madzi omwe, monga mu 1968 ndi mu 1995. Ophunzira amakumbutsa kuti mpasa azungu amautcha salimoni wa m'nyanja. N'zoona, koma mpasawo uli ku nyanja ya Malawi. Umakwera mtsinje wa Bua kukaswa, sukwera kabaza kubwera ku Phalombe.

Ndiye udindo wagwera mlamba. Ndevu ndi zomwe zija, dzina lokha ndi limene lasintha.

Pa kanema amati uvuni itenthe madigiri 200. Kuno uvuni ndi mbaula: makala pansi, ena pachivundikiro, monga amaphikira chigumu. M'malo mwa mafuta a olivi pamalowa mafuta oyeza a pa okala. Timasamba tonunkhira tija timasanduka anyezi. Mandimu okha ndiwo sasowa, bola apongozi asaone amene wathyola. Mzungu uja amati mphindi 12 zakwana, koma ndani angapatse mwamuna wake nsomba yosapsa? Imakhala pamoto ola lathunthu, ndipo mtima ukakana kuona ndiwo zouma, tomato amagweramo kuti pakhale kamsuzi.

Mayeso enieni amakhala popakula. Kachidutswa kamodzi kali pakati pa mbale yaikulu ya alendo, kandimu pambali. Bambo aweruka kumunda wa nandolo, asamba m'manja, kachidutswa kaja ponyu m'kamwa, n'kukhala chete kuyang'ana kukhitchini.

"Amake mwana, kulawa talawa. Nanga nsima ikubwera?"

"Abambo, chakudya chake n'chomwecho. Ku Ulaya amadya choncho."

"Oho. Ndiye amapitanso kumunda?"

Usiku wotero aneba amamva mthiko ukugunda m'poto cha m'ma 9 koloko. Kukacha, pa mjigo, mayi uja amauza anzake kuti salimoni anatheka bwino zedi, kungoti wa kuno amafuna mitanda itatu.

Amene watola nkhani msanga ndi mnyamata wa nsomba, uja amachokera kudoko ndi dengu panjinga. Masiku ano akaima pakhomo amayamba wayang'ana ngati pali dishi, kenako n'kufunsa mwaulemu: "Mayi, lero mutenga mlamba kapena salimoni?" Zonse zimatuluka m'dengu limodzi, koma mtengo wa salimoni amaunong'oneza.