Alonda Osalembedwa Ntchito a pa Mdadada Pathu

Pa mdadada pathu ku Ndirande pali zitseko zisanu ndi chimodzi ndi chimbudzi chimodzi, ndipo ikamakwana 2 koloko usiku palibe amene amakhala ali m'tulo. Koma kukacha, pa mpopi, aliyense amayankha chimodzimodzi: "Tadzuka bwino, kaya inu?"

Ine ndinayamba kudzidzimuka usiku mu Okutobala, malata akubweza kutentha konse komwe anasunga masana. Ndikangotsegula maso ndinkamva zonse. Kuseri kwa khoma, mkonono wa aneba unkalira ngati chigayo cha dizilo, kenaka n'kuzima mwadzidzidzi mpaka iwe womvera kuyamba kuwerengera kuti chipepeso tisonkha zingati, kenaka n'kulizanso. Pakhutu, udzudzu umodzi womwe unatulukira bowo la neti. Panja, mapatapata a alandilodi, phwa phwa phwa, ulendo wa kuchimbudzi. Usiku wina ndinawerenga maulendo asanu, ndipo wachisanuwo tinakumana maso ndi maso, iwo tochi ya foni m'manja, chitenje cha akazi awo m'chiuno.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" ndinatero posowa chonena.

"Ndikuyendera malo anga, achimwene. Akuba achuluka."

Za akuba obisala m'chimbudzi kasanu usiku umodzi sindinafunse, poti lendi ya mwezi umenewo ndinali ndisanapereke.

Ndinalakwitsa n'kudandaula pagulu. M'tauni muno ukangoti sukugona, aliyense ndi dokotala. Mayi ogulitsa mandasi pa msewu anasiya kutembenuza mandasi awo n'kundifunsa nthawi yeniyeni imene ndimadzuka. Nditati cha m'ma 3 koloko, anagwira pakamwa. "Eee! Nthawi yawo imeneyo. Kodi mukadzuka msana suwawa? Akukulimitsani m'munda usiku, bambo inu." Anzanga a pa bawo anati palibe ufiti apa, ndi ngongole basi, munthu wa katapila sagona. Mankhwala ake, iwo anati, ndi mabotolo awiri usanalowe m'bulangete. Ndinayesa. Tulo tinabweradi msanga, koma 1 koloko ndinali maso gwa, kukhosi kouma, chikhodzodzo chili tho. Mowa umakugonetsa madzulo n'kudzakulipiritsa pakati pa usiku.

Ndiye kunabwera alamu anga ndi chigubu cha malita awiri cha madzi odzozedwa ochokera kwa mneneri wawo. Lamulo lake linali loti ndimwe onse ndisanagone. Usiku umenewo ine ndi alandilodi tinkasinthana pakhomo pa chimbudzi ngati maminibasi pa siteji. Nditawafotokozera alamuwo m'mawa, anakweza manja kumwamba: "Ndi ziwandazo zikutuluka!"

Kuchipatala ndinapita mochita kukankhidwa ndi mayi a kunyumba, omwe anatopa ndi kudumphidwa usiku. Dokotala wake anali kamnyamata kosamera ndevu, ndipo funso lake loyamba linandinyoza: "Tiyi mumamwa nthawi yanji, bambo?" Ndinati 8 koloko usiku, tikatha nsima, m'kapu yaikulu ija ya pulasitiki, masamba okwanira, shuga masupuni anayi. Anati m'tiyi muli caffeine, ndipo pakatha maola 5 kapena 6 theka lake limakhala likadali m'thupi, kutanthauza kuti pa 2 koloko tiyi wanga amakhala akadali pa ntchito. Anatinso tulo timayenda m'zigawo za mphindi pafupifupi 90, ndipo kutsitsimuka pang'ono pakati pa zigawozo aliyense amatero, kungoti ambiri sakumbukira. Vuto ndi ife amene tikangotsitsimuka timapapasa foni "kuti tione nthawi", n'kupezeka tili pa WhatsApp, pomwe mdadada wonse ukuoneka kuti uli pa intaneti, aliyense akunamizira kuti sakuona mnzake.

Anandibaya chala kuyeza shuga, n'kundimanga lamba pamkono kuyeza BP. Zonse zinali bwino, ndipo ndinakhumudwa pang'ono, poti munthu wavutika miyezi itatu amafuna matenda a dzina lolemera. Koma anandichenjeza kuti kukodza pafupipafupi usiku, makamaka kukamabwera ndi ludzu losatha, kumatha kukhala chizindikiro cha matenda a shuga. Kuti kwa abambo opitirira zaka 50 kachiwalo kotchedwa prostate kamakonda kukula n'kumapanikiza njira ya mkodzo. Ndi kuti mkonono wodukizadukiza ngati wa aneba anga umatanthauza kuti munthu akubanika m'tulo, zomwe zimayenda limodzi ndi kuthamanga kwa magazi. Ndinaona mdadada wathu wonse uli pa tebulo la mnyamatayo.

Mankhwala sanandipatse ngakhale panado. Anati tiyi azithera masana, madzi ndizimwa ambiri dzuwa likadalipo osati pogona, foni izigona pa windo, ndizidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo tulo tikakana ndisamagubuduke pabedi ngati nkhumba koma ndizikakhala pa mpando mu mdima mpaka titabwera. Bowo la neti anasoka ndi mayi a kunyumba, akung'ung'udza kuti zonsezi anandiuza kale ulere.

Pano ndimadzuka kamodzi kokha, madzi akafika pa mpopi usiku, chigongono cha mayi chikandipeza m'nthiti kuti ndikatchere ndowa. Alandilodi ndinayesa kuwalozera njira ya kuchipatala, mwaulemu, chipewa chili m'manja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundiuza kuti mwezi wa mawa lendi ikwera. Usiku wathawu ndawerenga maulendo asanu ndi limodzi. Inu amene mumamwa nawo limodzi, chonde auzeni kuti kuyezetsa shuga n'kubaya chala kamodzi basi.