Mphete zanga sizogulitsa, chonde

Mu Lilongwe muno munthu wamba saloledwa kuchita chinthu pongofuna kusangalatsa mtima. Ukaweta nkhunda amakufunsa kuti imodzi ndi zingati. Ukadzala maluwa pakhomo amati wayamba nazale. Zochita zongotayitsa nthawi ndi za anthu a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene mpanda umabisa denga ndipo agalu ali ndi dokotala wawowawo. Bwana wa kumeneko akhoza kutha Loweruka lonse akuthamangitsa kampira koyera ku gofu, palibe womufunsa ngati kampirako kabweretsa ufa. Ine ndimakhala ku Area 47, inde, koma kuseri, m'boyizikota, ndipo adiresi imeneyi ndi imene inandinong'oneza kuti nanenso ndine wa gulu lomwelo.

Zinayambira ku ofesi kwathu ku City Centre. Abwana anabwera kuchokera ku msonkhano wa kunja atavala mphete yamtengo, yakuda bii, yonyezimira. Anati anaigula pa bwalo la ndege ku Johannesburg, ndipo atatchula ndalama zake ndinaona lendi yanga yonse itazungulira chala chimodzi. Mtengo wake unali phingo. Phingo yemweyu wa kumadera otentha a kwathu kuno, amene azungu amapangira zitoliro zoimbira zija za clarinet ndi oboe. Kuyambira mu 2017 malonda ake a kunja amayang'aniridwa ndi pangano la CITES, kutanthauza kuti chipika cha phingo chili ndi mapepala oyendera pamene ine pasipoti ndilibe. Ndinayang'ana mpheteyo ndipo mumtima ndinati: ichi ndi chiboo chozunguliridwa ndi mtengo basi, chingandikanike ine?

Kogula phingo aliyense amakudziwa: pa ziboliboli ku Old Town, pafupi ndi positi ofesi, pamene pamandandalikidwa njovu, mvuu, bawo ndi mipando ya mafumu ija yolowetsana matabwa awiri. Ndinapita nditavala tayi. Anyamata anandithamangira. "Bwana, bwana, taonani mbali ino, kuona n'kwaulere!" Nditafotokoza kuti sindikufuna njovu koma tizidutswa totsala posema njovuyo, ubwana unatha pomwepo. Ndinasanduka "achimwene", ndipo posakhalitsa "madala". Anandikankhira kwa mkulu wina amene anakhala pansi pa mtengo akupukuta chipembere.

Mkuluyu ndiye anandiphunzitsa zimene abwana anga sadziwa. Anati si chakuda chilichonse chili phingo, china ndi mtengo wamba wodyetsedwa polishi wa nsapato. Phingo weniweni ndi wolemera, ukamuponya m'madzi amamira, ndipo m'mbali mwake mumakhala moyera, kuda kuli pamtima pokha. Ndinafunsa za mkungudza chifukwa cha fungo lake. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Achimwene, mtengo wa fuko umenewo, ndipo pa phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu. Mukufuna muumalize ndinu ndi timphete tanu?" Anati malume ake anaphunzira kusema ku Mua, kumene bambo Claude Boucher anatsegula malo a KuNgoni mu 1976, ndipo kumeneko munthu amayamba wanola zida kwa nthawi yaitali asanaloledwe kukhudza mtengo wabwino. Ine ndinamuuza kuti ndili ndi sabata imodzi ya tchuthi. Anaseka mpaka chipembere chinagwa.

Kuwonjezera pa phingoyo, ndinakatolanso tizidutswa ta mlombwa kwa akalipentala ku Mchesi. Iwo sanafunse zambiri, anangoganiza kuti makala adula.

Kapangidwe ka mphete ndinakamva bwino. Umayamba kuboola chiboo cha saizi ya chala, kenako n'kudula mozungulira ndi sowo, n'kusalaza ndi tupa, n'kumaliza ndi sandipepala kuyambira wokhakhala mpaka wosalala. Zimene palibe amanena ndi zakuti phingo amadya zida. Dirilo yobwereka inafuka utsi chiboo chisanafike pakati. Ndipo mtengo uli ndi mizere yake. Mphete ikakhala yozungulira, pali mbali ziwiri pamene mizereyo imadutsa mopingasa pa malo opyapyala, ndipo pamenepo ndi pamene imathyokera. Sithyoka poyamba ayi. Imadikira uisalaze, uipake mafuta, uitane akunyumba kuti adzaone, ndiye imvekere thyo! Mayi a kunyumba anatola zidutswa ziwirizo, n'kuziika m'dzanja langa mwaulemu wonse. "Abambo, mwapanga ziwiri nthawi imodzi. Luso limenelo."

Nditabwerera ku Old Town kukadandaula, mkulu uja anati pali njira ina. Utenge zopala zazitali za puleni, uziviike m'madzi otentha kuti zifewe, uzikulunge pa kamtengo kozungulira kangapo uku ukuthira supaguluu. Potero mizere imayenda mozungulira chala ndipo mphete sithyoka. Nzeru yabwino. Kamtengo kozungulira ka saizi ya chala changa m'nyumba yonse kanali kamodzi: mpini wa mthiko. Madzi otentha ndinawiritsa mu poto wa nsima. Za supaguluu ndingonena kuti amagwira msanga kuposa maganizo a munthu. Usiku umenewo banja linagona ndi tiyi ndi mbatata, ine nditakhala pakhonde ndi mthiko womatirira ku zala ziwiri, ndikuuviika m'madzi a sopo ndi kupereka moni kwa odutsa ndi dzanja lamanzere.

Koma mphete inatuluka. Ya mlombwa, yofiirira, yokhota pang'ono, koma yathunthu. Ndinaivala m'mawa kukuzizira ndi kupita nayo ku ntchito. Mwezi unali wa Okutobala. Pofika masana, m'minibasi yochokera ku City Centre kupita ku tauni, chala chinali chitatupa ndi kutentha ndipo mphete inakana kutuluka. Kondakitala analandira ndalama akuyang'ana dzanja langa, kenako anabweza chenji chonse osadikira kukumbutsidwa. Chikhalireni mu mzinda uno zimenezi ndinali ndisanazionepo.

Pamenepo ndi pamene ndinayamba kumva zimene anthu akunena kuseri. Taganizirani zimene aneba ankaona. Bambo wa ntchito ya mu ofesi, magetsi akathima amakhala kuseri kwa nyumba ndi kandulo, akupala kamtengo kakuda. Pansi pali utuchi wa mlombwa, umene ukanyowa umafiira ngati magazi. Ukamufunsa kuti akugulitsa zingati, akuti sizogulitsa. Mu mzinda umene mitengo ya magetsi yamatidwa timapepala ta asing'anga otsatsa mphete zoitana ndalama ndi zobweza wokondedwa wothawa, yankho loti "ndimangokonda" silimveka. Ana a aneba analeka kudutsa pakhomo pathu. Mayi wogulitsa tomato pangodya anayamba kundiikira basela wosapempha. Ku ofesi, mnzanga amene anandikongola ndalama chaka chatha anabweza zonse, n'kuwonjezapo fanta. Abwana, eni mphete ya ku Johannesburg, palibe anawaganizira kanthu, chifukwa yawo ili ndi lisiti.

Mayi a kunyumba anati ndisiye zisanafike kwa ankhoswe. Ndinawauza kuti munthu wotukuka amayenera kukhala ndi chomupumitsa maganizo. Anandifunsa kuti maganizo anga anatopa ndi chiyani, popeza a ndiwo, a fizi ndi a makala amawasenza ndi iwo. Ndinapitiriza kusalaza mwakachetechete.

Lachisanu lapitali alandilodi anabwera kutada, iwo amene safika kuseri kuno pokhapokha pa mapeto a mwezi. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ngakhale kutenthe. Anayamba ndi kunena kuti amva kuti ndatsegula fakitale pamalo pawo, choncho lendi iyenera kuonedwanso. Ndinalumbira kuti sindinagulitsepo ngakhale imodzi. Anagwedeza mutu ngati munthu womvetsa zakuya, anasuzumira kumpanda, n'kusendera pafupi.

"Za lendi tikhoza kuiwala, bambo. Kumpingo kuli chisankho cha msungichuma mwezi wa mawa. Mundipangire imodzi, koma ikhale yopyapyala, yoti abusa asaione."

Ndinawayeza chala ndi ulusi.