Ngakhale makompyuta akufuna kuonda

Nvidia itatulutsa RTX 4090 mu 2022, graphics card imeneyi inabwera yonenepa: imadya mawati 450 ndipo imatseka malo atatu m'bokosi la kompyuta. Anthu ena okonda zazing'onozing'ono amachotsa mafani ake n'kumangirirapo chitsulo chamkuwa choyendamo madzi oziziritsa. Ikakanabe kulowa m'kabokosi kawoko, amatenga tupa n'kuyamba kupala m'mbali, kudula zitsulo zotulukira kunja ndi kusintha polumikizira mapaipi. Dzanja likangopitirira pang'ono, mphira wotchinga madzi amasiya kugwira, madzi n'kuyamba kudonthera pa katundu amene mtengo wake unali madola 1,599 mu 2022. Thukuta lonseli akulimbirana mamilimita owerengeka chabe. Abale anga, kugula bokosi lokulirapo n'kotchipa kuposa kugula graphics card kachiwiri.