Zolowa ndi zotuluka: nyumba ya ku Dover, 1984

Malo: nyumba ina mumsewu wa Union, m'tauni ya Dover, chigawo cha New Hampshire ku America. Eni kaundula: Kevin Eastman, wazaka 21, ndi Peter Laird, wazaka 30. Malonda: buku limodzi la makatuni, lamasamba 40, lotchedwa Teenage Mutant Ninja Turtles. Ndalemba monga momwe mayi anga ankalembera za pakhomo pathu m'kope la masamu, zolowa mbali yake, zotuluka mbali yake, ndipo kalikonse kalowe, ngakhale machesi.

ZOLOWA

Msonkho umene boma linabwezera Eastman: $500.
Zimene Laird anakokolola ku banki: $200.
Ngongole kwa ankolo ake a Eastman: $1,300.
Mpamba wonse: $2,000.

Chaka chimenecho malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku America anali $3.35 pa ola. Ndiye kuti mpambawu unali thukuta la maola pafupifupi 600, miyezi itatu ndi theka ya munthu wolawirira kuntchito osadyapo ngakhale senti. Eastman ankaidziwa bwino ntchito yotere, poti ankapezera chakudya m'khitchini ya lesitilanti, kuphika nkhanu zam'nyanja. Laird ankajambulira manyuzipepala tizithunzi, malipiro ake ongokwana kugulira inki ina. Pa madola atatu aliwonse, pafupifupi awiri anali a ankolo. Mzere umenewu ndi umene ndimauyang'ana nthawi yaitali. Munthu wamkulu anamvetsera mwana wa m'banjamo akufotokoza za akamba anayi okhala m'ngalande za pansi pa mzinda wa New York, ophunzitsidwa nkhondo ndi khoswe, ndipo atamva zonsezo anapisa m'thumba.

ZOTULUKA

Ofesi: $0. Kampani anaitcha Mirage Studios. Liwu limenelo limanena za madzi aja amaoneka patsogolo pa msewu wa tala dzuwa likaswa mtengo, ukafikapo n'kupeza pouma. Analisankha chifukwa situdiyo kunalibe. Kunali pabalaza, mipando, ndi timatabwa tojambulira toika pamiyendo.

Ganizo: $0. Usiku wina mu Novembala 1983 Eastman anajambula kamba ataimirira ndi miyendo iwiri, kansalu kumaso, timitengo tolumikiza ndi tcheni m'mikono, pofuna kuseketsa mnzake. Laird anajambula wake. Posakhalitsa akambawo anakwana anayi, aliyense ndi chida chake. Eastman analemba mawu awiri a dzinalo, Laird n'kuwonjezera awiri enawo.

Mapepala: apa anasankha zodula. Buku lakuda ndi loyera limaoneka lopyapyala ngati mulibe mithunzi, ndipo mithunzi yojambula ndi pensulo makina osindikizira otchipa saigwira bwino. Choncho ankagula pepala lolimba lotchedwa Duo-Shade. Ukaligwira limaoneka loyera ngati lina lililonse, koma muli timizere tobisika ta mitundu iwiri. Wojambula akamaliza ndi inki amaviika burashi m'kabotolo ka mankhwala, n'kupaka pamene akufuna mthunzi, timizereto n'kutulukira pomwepo iye akuona. Botolo lina limatulutsa topepuka, lina tothithikana. Ukapaka polakwika palibe chofufutira. Mdima wa m'makwalala a New York umene owerenga anaukonda m'bukulo unachokera m'timabotolo timeneti, ndipo ine ndikuti ndalamayo inapita poyenera.

Malipiro a ojambula: $0. Tsamba linkachoka pamiyendo ya mmodzi kupita pa mnzake, kuti dzanja la aliyense lipezeke patsamba lililonse. Miyezi ya chisanu inatha motero. Akanati adzilipire okha, ngakhale $3.35 ija, bukulo silikanatuluka. Mabuku onse osindikiza wekha amaima pa mzere umenewu, ndipo amene amaulipira ndi a m'nyumba mwako, amene amagawana nawe chakudya ndi magetsi pamene iwe sukubweretsa kanthu.

Mkonzi: $0. Mayina a akamba anawatenga kwa akatswiri akale a zojambula ndi zosema a ku Italy: Leonardo, Raphael, Donatello ndi Michelangelo. Lomalizali analilemba ndi chilembo chimodzi chowonjezera, ndipo popanda wachitatu wowerenga, cholakwacho chinasindikizidwa, n'kukhala choncho zaka zoposa khumi ndi zisanu.

Kusindikiza makope 3,000: pafupifupi mpamba wonse. M'kati mwakuda ndi moyera, pa pepala lotchipa. Chikuto chamitundu iwiri, chakuda ndi chofiira, chifukwa mtundu uliwonse wowonjezera ndi ulendo wina wa pepala m'makina, ndipo ulendo uliwonse umalipiridwa. Mabukuwo anatuluka aakulu kuposa anzake a m'masitolo, msinkhu wa magazini. Nanga bwanji 3,000, osati 300? Gawo lalikulu la mtengo wosindikiza limapita pokonza mbale zosindikizira ndi kutchera makina. Zikatheka zimenezo, kope lililonse lowonjezera limangodya pepala ndi inki. Wosindikiza ochepa amagula kope lililonse modula mwakuti sangaligulitse. Wosindikiza ambiri amagona ndi makatoni.

Mosungira katundu: $0. Makatoniwo anaunjikidwa m'nyumba momwemo.

Kutsatsa malonda, koyamba: pafupifupi zotsala zonse. Anagula malo m'nyuzipepala ya Comics Buyer's Guide, imene inkawerengedwa ndi eni masitolo a mabuku a makatuni, opikulitsa ndi osonkhanitsa mabukuwo. Sanamwaze ndalamayo m'malo khumi. Anaiika pamodzi, pamaso pa anthu okhawo amene akanatha kuoda.

Kutsatsa malonda, kwachiwiri: masitampa. Laird, pokhala munthu wozolowera m'manyuzipepala, ankadziwa kuti mkonzi m'mawa uliwonse amasowa nkhani yachilendo yodzazira danga. Anakonza kachikalata kamasamba anayi, kofotokoza bukulo mwachidule ndi zithunzi zake, n'kukatumiza kumalo pafupifupi 180: mawayilesi, nyumba za kanema, ndi mabungwe ogawa nkhani a Associated Press ndi United Press International. Sitampa ya kalata wamba inali masenti 20. Makalata 180 pa mtengo umenewo ndi $36. Ganizirani ntchito yake: kupinda, kulowetsa mu envulopu, kulemba keyala ndi dzanja, kumata, maulendo 180, podziwa kuti ambiri akathera m'bini osatsegulidwa. A United Press International anatsegula. Analemba nkhani, anajambula chithunzi, ndipo nkhaniyo inatuluka m'manyuzipepala dziko lonselo. M'kaundula yense uyu palibe ndalama ina imene inabala ngati ya masitampayi.

Ulendo wa ku Portsmouth, pa 5 Meyi 1984: petulo wa mtunda waufupi. Kumeneko kunali msonkhano wa okonda mabuku a makatuni, ndipo ndi kumene bukulo linaonekera koyamba pagulu. Mtengo wa pachikuto: $1.50.

Gawo la opikulitsa: apa ndi pamene ambiri oyamba kumene amasokonezera masamu. Makope 3,000 pa $1.50 ndi $4,500, koma ndalama imeneyo imabwera ngati kope lililonse waligulitsa wekha, dzanja ndi dzanja. Likadzera kwa opikulitsa ndi m'masitolo, mwini buku kawirikawiri amatsala ndi pafupifupi masenti 40 pa dola iliyonse. Pa $1.50 ndi masenti 60. Makope 3,000 pa masenti 60 ndi $1,800, yosakwana mpamba. Kunena kwina, ukhoza kugulitsa mpaka katoni yomaliza n'kukhalabe ndi ngongole. Chabwino chake chinali chakuti m'zaka za m'ma 1970 Phil Seuling anali atayambitsa njira yoti masitolo a mabuku a makatuni azipikula motchipa koma osabweza zotsala. Kale mabuku osagulidwa ankabwerera kwa mwini wake, ndipo ndi makampani aakulu okha amene akanapirira zimenezo. Njira yatsopanoyi inachititsa kuti kope likachoka pakhomo lachokeratu. Dave Sim wa ku Canada anali akudzisindikizira buku lake la Cerebus mwa njira yomweyo kuyambira 1977, ndipo anyamata a ku Dover ankamuonerera.

ZOBWERERA

Makope 3,000 anatha m'masabata ochepa. Anasindikiza ena 6,000, nawo anatha. Atabweza $1,300 ya ankolo, phindu logawana awiri linali pafupifupi $200.

Buku lachiwiri: maoda 15,000 lisanatuluke. Kuyambira pamenepo anasiya ntchito zina. Lachisanu ndi chitatu, limene anagwirizana ndi Dave Sim, linafika makope 135,000.

ZIMENE SANAGULITSE

Umwini. Mu 1938 Jerry Siegel ndi Joe Shuster anagulitsa Superman kwa kampani pa $130, ndipo anakalamba akumenyera gawo lawo m'makhoti. Jack Kirby, amene dzanja lake linaumba ngwazi zambiri za kampani ya Marvel, pa nthawi imene akambawa ankatuluka anali akulimbana ndi kampaniyo kuti imubwezere mapepala amene iye mwini anajambula. Eastman ndi Laird ankamulemekeza Kirby kwambiri, mpaka kulemba dzina lake m'buku lawo loyamba, ndipo nkhani yake ankaidziwa. Posenza okha chiopsezo cha $2,000, anagula ufulu woti aliyense wofuna akambawo adzagogode pakhomo pawo. Mu 1986 anagogoda Mark Freedman, wodziwa kugulitsa zilolezo. Panatsatira makatuni a pa kanema mu Disembala 1987, zidole za kampani ya Playmates mu 1988, ndi filimu ya 1990 imene inapanga ndalama zoposa $200 miliyoni. Pa zonsezi, osainira anali awiri aja.

ZIMENE ENA ANALIPIRA

Anthu ataona kuti kabuku kakuda ndi koyera kalemeretsa eni ake, mu 1986 aliyense anathamangira kusindikiza nyama zake zomenya nkhondo. Masitolo anaoda mwaumbombo, poganiza kuti kope loyamba lililonse lidzakwera mtengo. Pofika 1987 ogula anatopa, ndipo lamulo lija losabweza linatembenukira eni masitolo. Ambiri anatsala ndi makatoni osagulika, ena anatseka. Mzere umenewu suli m'kaundula wa ku Dover, koma ndauika chifukwa unalipiridwa ndi mabanja enieni.

Ojambula ena amene anabwera kudzathandiza ku Mirage anasainitsidwa mapangano oti zimene ajambula za akambawo ndi za kampani. Apa awiriwo anachitira anzawo zofanana ndi zimene iwo anazithawa, ndipo sindikuwaikira kumbuyo.

ZIMENE ZINAPITA PAMBUYO PAKE

Nthawi yojambula: misonkhano, maloya ndi mapangano zinaidya pafupifupi yonse.

Tundra Publishing, imene Eastman anaitsegula mu 1990 kuti ojambula anzake asindikize mabuku ali eni ake: inatha mu 1993, ndipo iye mwini anayerekeza kuti inamudyera pakati pa $9 miliyoni ndi $14 miliyoni.

Xeric Foundation, imene Laird anaikhazikitsa mu 1992: kwa zaka makumi awiri inkapereka ndalama kwa ojambula ofuna kudzisindikizira buku loyamba. Sinali ngongole. Amene kale anapulumukira ankolo a mnzake anasanduka ankolo a anthu mazana amene sanawaonepo.

Ubwenzi: unazilala zaka zambiri, ndipo anadzayanjananso atakula. Eastman anagulitsa gawo lake kwa Laird mu 2000. Laird anagulitsa akambawo kwa kampani ya Viacom mu Okutobala 2009, pa mtengo wa pafupifupi $60 miliyoni.

Nyumba ya mumsewu wa Union inagwetsedwa. Mu 2023 anthu a ku Dover anaika pamsewupo chivindikiro chachitsulo cha ngalande, chosemedwa mwapadera, chokumbutsa kuti akambawo anabadwira pamenepo.

Inu amene muli ndi mwana wa mlongo wanu wodzaza masamba a kumapeto kwa makope ake ndi zithunzi, akabwera ndi nkhani yake mumufunse mafunso atatu: makope angati, kope lililonse adzatsala ndi zingati opikulitsa akatengapo, ndipo dzina la mwini pachikuto ndi la ndani. Akayankha onse atatu, mubwerekeni.