Kabowo ka m'Sienta yanga

Kuno ku Ntcheu ulemu wa dalaivala uli pa kabowo kotchajira foni. Munthu akakwera pa Boma kupita ku Lizulu, moni asanapereke watulutsa kale chaja. Ndiye ka m'Sienta yanga katafa, mayi wina wogulitsa kachewere wa ku Tsangano anandiyang'ana ngati ndamudyera mbewu. Anthu anayamba kukwera ya mnzanga, imene chitseko amamanga ndi linya, chifukwa yake imatchaja.

Ine ndine Mngoni, sindifunsa wamba. Ndinatenga buku la galimoto. Paja galimoto zathuzi zimachokera ku Japan, ndiye bukulo ndi Chijapani chokhachokha. Ndinaliwerenga ndithu, mpaka mwana wanga anandiuza kuti ndaligwira chozondoka. Ndinatsegula boneti, manja m'chiuno, n'kumagwedeza mutu kuti odutsa aone kuti pano pali katswiri.

Madzulo ndinakaima kwa mnyamata wina wokonza zamagetsi pansi pa mtengo, ati kungomupatsa moni.

"Madala, mabokosi a mafyuzi amakhala awiri," anatero. "Lina lili ku injini pafupi ndi batire. La kabowo kanuko lili mkati, pansi pa dashibodi. Gonani."

Ndinagona chagada, mutu mkati, miyendo panja, mimba itakanirira pampando. Ana a sukulu anaima kuonerera. Pachivundikiro cha bokosilo pali mapu, ndipo anandiuza kuti ndifune pamene alemba CIG. Galimoto zina amalemba ACC kapena P/OUTLET. Fyuziyo anaizula ndi kopanira kapulasitiki kamene kamakhala m'bokosi la ku injini, kamene ine ndinkayesa n'kotokosera m'mano. Ataiyang'anitsa padzuwa, kawaya ka mkati kanali katadukadi pakati.

Nkhondo inabuka posankha yatsopano. Anakhuthula mafyuzi m'chitini: yofiira ya 10, yabuluu ya 15, yachikasu ya 20, yobiriwira ya 30. Yopsayo inali yabuluu. Mtengo unali umodzi, ndiye ine ndinaloza yobiriwira. Munthu wokulira pamsika salipira ndalama yomweyo n'kunyamula mulu waung'ono.

"Ayi madala. Ntchito ya fyuzi ndi kufa. Magetsi akachuluka imapsa iyoyo kuti waya apulumuke. Waya wa kabowoka ndi wowonda. Mukaika ya 30, iyo ikhala bwinobwino, koma waya atentha, pulasitiki asungunuka, kenako muona utsi. Yabuluu ikapsa, mulowetse yabuluu. Mukaika yochepera izingopsa popanda chifukwa."

Anawonjezera kuti mafyuzi amasiyananso matupi, ena aakulu, ena aang'ono, ena a miyendo yaifupi, choncho pokagula ndizinyamula yakufayo m'thumba.

Apa ndinaona kuti mwanayu akundipitirira, ndinatulutsa nzeru za makolo. Ndinamuuza kuti amalume sankagula fyuzi. Ankangokulunga kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, kapena kumangapo waya wa kopa, ulendo n'kupitirira.

"Galimoto yawo ili kuti pano?"

Ndinayang'ana kumapiri. Nkhuku zimaikiramo mazira, koma zimenezo ndi za kubanja.

Analowetsa yabuluu, ine n'kutembenuza kiyi monyadira. Thwa! Yapsanso. Ndinati tiike ina, iye anakana. Akuti fyuzi ikapsa kachiwiri nthawi yomweyo ndiye kuti penapake pali shoti, ndipo kumangoikamo zina n'kutaya ndalama. Anandifunsa ngati ndimalumikizapo mpope wa matayala kapena ketulo, popeza batire ya mavoti 12 pa fyuzi ya 15 mphamvu yake imathera pa mawati 180. Ndinalumbira kuti tiyi ndimamwera kunyumba.

Anazimitsa galimoto n'kuunika m'kabowomo ndi tochi ya foni. Pansi penipeni panali K5 yachitsulo, itagona mwaulemu, ikugunditsa mbali zonse ziwiri. Chitsiriza wanga anatsegulamo banki.

Ndinalipira mafyuzi awiri, ntchito, ndi botolo la Fanta lomutseka pakamwa. Pofika kunyumba ndinafotokoza kuti vutolo ndalipeza ndekha, mnyamatayo amangogwira tochi. Mayi a kunyumba anamvetsera mpaka kumapeto, akupeta mpunga.

"Mwagwira ntchito, bambo," anatero. "Koma K5 ija ndi ya mwana. Mubweze."